Zomwe Inamwa Thirakitala ya Bambo

Foni inalira m'mawa, Mzime atangovala ovolosi yake ku galaja. Anali mkulu wake.

"Thirakitala ya bambo yabwata dzulo," anatero mkuluyo. "Yaima pakati pa munda wakumunsi, ikufuka ngati ketulo. Bambo akuti ubwere lero lomwe. Koma ndikuuziretu, akwiya."

"Akwiyira ndani, achemwali?"



"Ungobwera. Udzamva konkuno."

Kwawo ankamutcha Mzime poti ndiye anali womaliza kubadwa. Ku galaja ankangoti amakaniko, ndipo anali atagwira sipanala zaka khumi ndi ziwiri. Ntchitoyo anaiyambira pa thirakitala yomweyo, yofiira, imene bambo ake anagula iye ali wamng'ono. Tsopano bambowo anali atakalamba, chiuno chikuwavuta, akuyendera ndodo. Kiyi anali atamupereka kwa mkamwini wawo, mwamuna wa mkulu wake uja, amene aliyense pa famupo ankamutcha Ndikudziwa. Dzinali analipeza yekha. Munthu ukangoyamba kumuuza kanthu, kaya ka mvula, kaya ka matenda a nkhuku, iye ankakudula pakamwa ndi mawu omwewo.

Miyezi itatu yapitayo Mzime anali ataigwira bwinobwino thirakitalayo. Anatsuka rediyeta, thanki ija yoziziritsira madzi a injini, n'kuika mapayipi atsopano, n'kuthira malita khumi ndi anayi, theka madzi oyera, theka kulanti, mankhwala obiriwira aja oziziritsa injini. Anasiyanso chigubu chosakaniza kale m'shedi, choti aziwonjezera akaona kuti atsika. Choncho ali mu basi, zigubu ziwiri za kulanti zili pakati pa miyendo, ankangodzifunsa kuti analakwitsa pati.

Anapeza bambo ake ali pakhonde, ndodo ili pamaondo. Ndikudziwa anali chiimire pambali pawo, manja ali m'thumba.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka bwanji thirakitala ili gone m'munda?" anayankha bambowo osamuyang'ana. "Mvula ili pamphuno. Ntchito yako ija yatha miyezi itatu yokha?"

"Ine ndinanena kalekale, bambo," analowerera Ndikudziwa. "Mapayipi aja sanamangidwe mwamphamvu. Sindikunyoza ayi, alamu, koma zitsulo zina zimafuna dzanja la mwamuna."

Mzime anayang'ana mkulu wake, amene anali pakhomo la khitchini, koma mkuluyo anali kalikiliki kupukuta mbale youma kale.

"Tiyeni tikaione," anatero Mzime.

Anatenga bokosi la zida ndi ndowa yake yoyera yokhala ndi mizere ya malita m'mbali. Anatsika ndi mlamu wakeyo kudutsa khola la nkhumba, n'kulumpha kangalande kotuluka m'kholamo, mpaka pamene thirakitala inaima, pulawo ili chizikikire m'dothi. Injini inali itazizira usiku wonse. Mzime anayamba ndi mapayipi ake. Anawagwira limodzilimodzi, n'kukoka, n'kupotokola. Onse anali gwa, ouma, opanda ngakhale kadontho.

"Awa ali bwino, alamu."

"Ndikudziwa, akazizira amaoneka choncho."

Mzime anakwera pa tayala, n'kugwira chivindikiro cha rediyeta ndi kansanza, n'kupotokola.

Fungo limene linatuluka pamenepo linamumenya kumaso ngati khofi. Anabwerera m'mbuyo mpaka anatsala pang'ono kugwa pa tayalapo. Pa zaka zake zonse anali atanunkhiza zambiri: mafuta opserera, batire lophulika, khoswe wofera mu mpando wa galimoto. Koma ili linali lina. Linali fungo la chimbudzi chodzaza, chophikidwa. Anatembenuza chivindikirocho. Kunsi kwake kunali utoto wotuwa, wonanda ngati mamina, ndi tizingwe toyera tikulendewera.

"Mwathiramo chiyani muno?"

"Dzimbiri limenelo. Thirakitala yakalamba iyi."

"Dzimbiri silinunkha chonchi, alamu."

"Zimatengera mtundu wa chitsulo."

Mzime anatsika, n'kuika ndowa pansi pa rediyeta, n'kutsegula kampopi kotulutsira madzi. Palibe chinatuluka. Anatokosa ndi waya; wayayo anatuluka atamata zakuda. Panalibe njira ina koma kuchotsa payipi yapansi yonse. Anagwada, n'kumasula chomangira, n'kukoka. Payipiyo inakana. Anaigwedeza uku ndi uku, nkhope ili pafupi, mpaka inati thu!

Thirakitala inamusanzira. Zinamuthira pachifuwa, m'khosi, m'manja a ovolosi, zina mpaka pakona ya mlomo. Zinali zozizira, zolemera ngati phala losasa. Mzime anakwawa n'kupita pambali, n'kulavula kambirimbiri. Tiyi wa m'mawa anabwerera yense. Ntchentche zinafika nthawi yomweyo ngati zinachita kuitanidwa.

Mseru utachepa, anabwerera kukasuzumira m'ndowa. Munali matope akuda, pamwamba pakuyandama madeya, ubweya wa nkhumba, ndi zibulumwa zoyera zachikasu m'kati. Anavundula ndi waya. Panatulukira mbululu zitatu zofa, zotupa, zophikika. Anatola chibulumwa chimodzi pa nsonga ya sikuludiraiva n'kuchiyang'anitsitsa.

"Ili ndi dzira."

Ndikudziwa anali ataima patali, mphuno ataitseka ndi kolala ya malaya.

"Mwina nkhuku..."

"Nkhuku inatsegula chivindikiro n'kuikira m'kati?"

Mzime anatsegulanso pulagi ya pambali pa injini kuti zotsala zituluke. Zonse pamodzi zinafika pa mzere wa malita asanu. Ndikudziwa anafulumira kunena kuti ena anafuka pamene inkabwata, ndipo apo sananame. Choncho Mzime anabwezera payipi, n'kutseka zonse, n'kumutuma kuti akatunge madzi oyera pa mpopi wa kunyumba. Anathira ndi jagi ya lita imodzi, akuwerenga mokweza. Pa jagi yachisanu ndi chinayi madzi anasefukira pakamwa pa rediyeta.

"Yadzaza," anatero Ndikudziwa, akumwetulira. "Mwaona? Ilibe vuto."

"Thirakitala iyi imamwa malita khumi ndi anayi, alamu. Yamwa asanu ndi anayi. Malo a asanu enawo mwakhala nyansi zanu, zauma m'kati ngati simenti. Ndiye mumati izizire ndi chiyani?"

Akulankhula choncho anamva kudontha. Anatsata kadonthoko, n'kumasula waya wa kutsogolo wotchinga rediyeta. Kuseri kwake timapepala ta rediyeta tinali titaphwanyika malo aakulu ngati chikhatho, ndipo pakati pake panali bowo lomatidwa ndi sopo wochapira. Kachidutswa ka nthambi kanali kakadali momwemo.

Mzime anangomuyang'ana mlamu wakeyo. Iye anayang'ana kumwamba ngati akuyeza mitambo, kenaka anati akukaona nkhumba, n'kuchokapo.

Posakhalitsa mkulu wa Mzime anatsika ndi beseni la madzi ofunda, sopo ndi thaulo. Anafika pafupi, n'kuima, nkhope itakwinyika ndi fungo. Mzime anasamba kumaso ndi m'khosi katatu, n'kutsuka m'kamwa mpaka nkhama zinawawa.

"Achemwali, mazira anachokera kuti?"

Mkuluyo anakhala pansi pa mzere wa dothi.

"Ulendo woyamba mlamu wako anatenga anayi. Anati dalaivala wina anamuuza kuti dzira likapsa m'kati limatseka bowo. Linatsekadi masiku awiri. Kenaka anatenga asanu ndi limodzi. Sabata yatha ndinachita kubwereka kwa oyandikana nawo."

"Nanga chigubu chimene ndinasiya?"

"Chinatha masiku atatu. Anagunda chitsamba cha kumalire kuja, akuyankha foni. Anaopa kuuza bambo."

"Ndiye madzi ankatunga m'ngalande ya nkhumba."

"Akuti kumpopi n'kutali. Inkafuna kuthira kanayi patsiku."

"Masabata angati?"

"Asanu."

Mzime anafinya thaulo lija mpaka zala zinayera. Kumpopi kunali mtunda woti munthu ukhoza kukuwa wina n'kukumva. Koma chimene chinamunyansa kwambiri tsopano sichinali ulesiwo.

"Inu mumadziwa zonsezi, ndipo m'mawa uno munaima pakhomo mukumva bambo akundinyoza. Munamva za dzanja la mwamuna zija. Munkapukuta mbale."

"Ndi bambo a ana anga, Mzime. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Ndikanaimba foni tsiku loyamba lomwelo. Bowo ili n'la ola limodzi. Ndikanabwera, n'kuwotcherera, bambo osadziwa n'komwe."

Mkuluyo anayamba kusisima. Mzime sanamutonthoze. Ananyamula ndowa ija, ataitalikitsa ndi thupi, n'kukwera nayo mtunda, ntchentche zikumulondola pambuyo. Anakaiika pakhonde, pamapazi penipeni pa bambo ake.

"Nayi ntchito yanga, bambo. Ioneni bwino."

Bambowo anadzidzimuka, n'kubweza mutu. Kenaka anaweramira, n'kuvundula m'ndowamo ndi nsonga ya ndodo yawo. Mbululu imodzi inatembenuka, mimba kumwamba. Mzime anafotokoza zonse mosakweza mawu: nthambi, sopo, mazira, ngalande, malita asanu ndi anayi m'malo mwa khumi ndi anayi. Za mkulu wake sanatchule.

"Kaitaneni akamwini," anatero bambowo.

Ndikudziwa anabwera akupukuta manja pa buluku, ngati munthu wochokera ku ntchito yaikulu.

"Akamwini, izi n'chiyani?"

"Ndi njira yakale imeneyo, bambo. Madalaivala onse amaidziwa. Ndinkafuna ntchito isaime. Ndipo ikanagwira, kungoti rediyeta yake ndi yofooka."

"Nanga madziwa?"

"Madzi ndi madzi, bambo. Injini siidziwa kusiyanitsa."

Bambowo anakankhira ndowa ija kwa iye ndi ndodo.

"Ngati madzi ndi madzi, imwaniko."

Palibe anaseka. Bambowo analavulira kunja kwa khonde, n'kupukuta ndodo yawo pa udzu nthawi yaitali, ngati yaponda zoipa.

"Zaka makumi atatu," anatero, "sindinaithirepo madzi amene ine sindingamwe. Safunsa anadya phula, akamwini, koma inu phulalo mwadyetsa thirakitala yanga." Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo. "Ikonzeka?"

Mzime anadikira pang'ono, kuti mwina pabwera mawu ena. Sanabwere. Anaona kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka: mkamwini wadzudzulidwa, nkhani yatha, ndipo zimene iye ananenedwa m'mawa zangomwera m'nthaka. Anangoti, "Ndiyesa."

Inali ntchito ya masiku awiri. Anamasula rediyeta yonse n'kuinyamulira pa wilibala mpaka pa mpopi. Anaigoneka chadodolido, n'kulowetsa payipi ya madzi kumunsi kuti nyansi zitulukire kumene zinalowera. Zinkatuluka pang'onopang'ono, nthuli zakuda ndi zoyera, ndipo paliponse pamene zagwera agalu ankabwera kudzanunkhiza n'kuthawa. Timabowo tina tinali titatsekeka ndi dzira louma, moti anachita kutitokosa kamodzikamodzi ndi kawaya kopyapyala. Bowo la nthambi lija analipala, n'kuliwotcherera ndi mtovu. Injini nayo anaitsuka kasanu ndi kawiri. Madzi oyamba anatuluka akuda, achitatu ofiirira, achisanu ngati tiyi wosuluka. Bambo analamula kuti madzi onsewo atunge ndi mkamwini, pamutu kapena pamapewa, asankhe yekha. Ndikudziwa anayenda maulendo osawerengeka pakati pa mpopi ndi munda, ndipo palibe ulendo umene unamupha.

Mzime sanadye bwino masiku onsewo. Fungo linali litalowa m'zikhadabo. Akangonyamula chakudya kupita nacho kukamwa, mphuno inkayamba kukana. Mkulu wake atamukazingira mazira m'mawa wachiwiri, mosaganiza, Mzime anangoyang'ana mbaleyo n'kutuluka panja.

Masana a tsiku lachiwiri zonse zinali m'malo mwake. Bambo anatsika kumunda pang'onopang'ono, n'kukhala pa chigubu chopanda kanthu. Mzime anasakaniza m'ndowa yotsukidwa bwino: malita asanu ndi awiri a kulanti, asanu ndi awiri a madzi oyera. Anaika fanelo pakamwa pa rediyeta, n'kupereka jagi kwa mkulu wake.

"Thirani ndinu, achemwali. Pang'onopang'ono, ngati mukuthira mafuta m'botolo. Muziwerenga."

Mkuluyo anathira akuwerenga. Atafika pa khumi ndi awiri ndi theka, madzi obiriwira anaonekera pakhosi pa rediyeta.

"Basi, yadzaza, tsekani," anatero Ndikudziwa ali kumbuyo.

"Siinadzaze," anayankha Mzime osatembenuka. "Muli mpweya. Onani m'ndowamo, mwatsala lita ndi theka. Malo ake alipo."

Anafinya payipi yapamwamba kangapo. Rediyeta inageya, madzi n'kutsika. Anakwera n'kuliza injini chivindikiro chili chotsegula. Inatsokomola, n'kugwira. Anadikira mpaka payipi yapamwamba inayamba kufunda m'dzanja, ndipo pamenepo madzi anatsikanso mwadzidzidzi. Mkulu wake anathira zotsala zija, mpaka ndowa inatsala youma.

"Khumi ndi anayi!" anatero mkuluyo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masiku awiriwo anaseka.

Koma Mzime sanaseke. Anali akuyang'anabe pakamwa pa rediyeta. Mpweya wotsalira umatuluka n'kutha, uwu sunkatha. Tithovu ting'onoting'ono tinkangobwera motsatizana, ndipo akaponda mafuta tinkachuluka. Anazungulira kumbuyo n'kuika dzanja pafupi ndi utsi. Unali woyera, wonyowa. Anazimitsa injini.

"Gasiketi yapsa, bambo. Ija yokhala pakati pa hedi, mutu uja wa pamwamba, ndi injini yeniyeniyo. Yabwata kambirimbiri iyi, si dzulo lokha ayi. Hedi ichoke, ipite ku makina akaione ngati siinapindike."

"Masiku angati?"

"Zikayenda bwino, khumi."

Bambowo anayang'ana munda wakumunsi, umene theka lake linali likadali tchire, n'kuyang'ana mitambo yakuda imene inkasonkhana kuseri kwa mitengo. Anatambasula dzanja kwa mkamwini wawo.

"Kiyi."

"Bambo, ine ndi amene ndimaidziwa..."

"Kiyi, akamwini."

Bambowo anamulandira, n'kumugwira m'dzanja kwakanthawi. Kenaka anamuponya pamiyendo pa mwana wawo wamkulu.

"Iwe unkaiyendetsa usanakwatiwe. Mng'ono wako akukumbutsa."

Mkuluyo anayang'ana mwamuna wake, n'kuyang'ana kiyiyo. Mzime ankayembekeza kuti amubweza. Koma anamutola n'kumuika m'thumba la diresi.

Masiku khumi aja anakhala khumi ndi asanu ndi limodzi, poti hedi inapezeka yopindikadi ndipo anachita kuipala. Kulanti yense uja Mzime anamukhetsera m'zigubu zotseka, n'kumusefa ndi nsalu, n'kudzamuthiranso ntchito itatha. Mvula sinadikire. Inagwa hedi ikadali ku makina, ndipo munda wakumunsi unadzalidwa mochedwa masabata atatu; chaka chimenecho unabala theka la zimene unkabala. Ovolosi ija Mzime anaichapa katatu, koma mwamuna wake anamuuza kuti m'nyumbamo mukhale mmodzi, iye kapena ovolosiyo, ndipo anakaitaya kudzala. Bambo ake sanapepese. Tsiku limene thirakitala inalira bwino anangoti, "Dzanja lako ndi la amayi ako, silinama," n'kupempha kuti awagwire mkono pokwera mtunda. Mzime sanadziwe ngati akhululuke kapena ayi, koma mkonowo anaugwira.

Mkulu wake anamuphunzitsa zochepa zokha, mobwerezabwereza: kusuzumira m'rediyeta m'mawa uliwonse injini isanalire, kusatsegula chivindikiro ikatentha, kuyang'ana singano ya geji yoonetsa kutentha pakutha pa mzere uliwonse, ndi kuimba foni akaona dontho ngakhale limodzi pansi. Awiriwo sanabwererenso ku nkhani ya mbale ija. Ankalankhulana za mapayipi ndi magiya, ndipo kwa miyezi ingapo zinathera pomwepo.

Patapita mwezi, Mzime anamva kwa kasitomala wina ku galaja kuti Ndikudziwa akuuza anthu kumsika zoti thirakitala anaisiya yekha chifukwa cha msana, ndiponso kuti mkazi wake anamuphunzitsa ndi iyeyo. Loweruka lotsatira anapita ku famu kukamangitsa mabawuti a hedi. Anapeza mkulu wake ali pa chiwongolero m'munda wakumtunda, duku litamangidwa zolimba, mizere yake ili yokhotakhota ngati njira ya woledzera. Ndikudziwa anali m'mphepete mwa munda, akuthamanga motsatira thirakitala, akukupiza manja, akukuwa malangizo. Injini inkalira mwamphamvu, mosadukiza, moti palibe ankamva chimene akunena.